Kuthirira motsatira masensa a chinyontho: malangizo kwa alimi a ku Harare ndi madera ozungulira

Mvula ya ku Harare imagwa kwambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi, pafupifupi mamilimita 800 pa chaka, ndipo kuchokera mu Meyi mpaka Okutobala aliyense wolima tomato, kabichi, repu kapena anyezi ku Ruwa, Seke, Domboshava, Goromonzi ndi Norton amadalira mjigo, chitsime kapena damu. Madzi amenewa sabwera aulere. Pampu imafuna magetsi a kampani ya boma ya ZESA omwe amazimazima, kapena dizilo, kapena sola yogulidwa ndi ndalama zambiri, ndipo pofika Okutobala madzi m'mijigo yambiri amakhala atatsika. Chilala cha nyengo ya 2023/24, chimene boma la Zimbabwe lidachilengeza mu Epulo 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, chidaonetsa kuti mlimi sangangothirira mongoganizira. Komabe ambiri a ife timathirira poyang'ana pamwamba pa dothi: pakaoneka pouma timayatsa pampu, chonsecho pansi pomwe pali mizu pakadali ponyowa. Madzi owonjezerawo amatsika kupitirira mizu atatenga feteleza wa AN (ammonium nitrate), amene sachedwa kusungunuka ndi kukokoloka.

Sensa ya chinyontho ndi kachipangizo kokwiriridwa m'dothi kamene kamakuuzani mmene pansipo paliri. Imayankha mafunso awiri okha, lakuti muthirire liti ndi lakuti muthirire kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo imayankha bwino pokhapokha itakwiriridwa pamalo oyenera ndiponso manambala ake akamalembedwa tsiku ndi tsiku.

Gawo loyamba: kumbani dzenje musanagule kanthu

Kumbani dzenje lakuya masentimita 60 mpaka 80 pakati pa munda, m'mphepete mwa mbewu zimene zakula kale, ndipo muyang'ane khoma lake. Onani mtundu wa dothi kuchokera pamwamba mpaka pansi, pamene pathera mizu yambiri, ndiponso ngati pali miyala kapena dothi lolimba limene mizu ikulephera kuboola. Kuzungulira Harare kuli dothi la mitundu iwiri ikuluikulu. Cha kumpoto, monga ku Mazowe, kuli katondo wofiira amene amasunga madzi ambiri. Cha kumwera ndi kum'mawa, monga ku Seke ndi ku Ruwa, malo ambiri ndi a mchenga wotuwa umene umataya madzi msanga. M'madambo muli makande akuda amene amang'aluka akauma. Kusiyana kwake n'kwakukulu: mita imodzi ya mchenga imasungira mbewu madzi okwana mamilimita 50 mpaka 100, pamene mita imodzi ya dothi lamphamvu imasunga mamilimita 120 mpaka 200. Ngati munda wanu uli ndi mitundu iwiri ya dothi, muutenge ngati minda iwiri, uliwonse ndi masensa ake ndi valavu yake, chifukwa nambala ya pa katondo singakuuzeni kanthu za pa mchenga.

Gawo lachiwiri: sankhani sensa imene mungathe kuisamala

Masensa ali m'magulu awiri. Gulu loyamba limayeza mphamvu imene muzu uyenera kugwiritsa ntchito kuti ukoke madzi m'dothi, ndipo muyeso wake ndi kPa. Nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti dothi ndi lonyowa. Ikamakwera ndiye kuti dothi likuuma. Tensiometer ili m'gulu limeneli: ndi kachubu kodzazidwa madzi, kokhala ndi nsonga ya dongo lowotcha kumunsi ndi geji kumwamba. Sifuna batire, ndipo imagwira bwino ntchito pa mchenga ndi pa mbewu zamasamba, koma nambala ikafika cha m'ma 80 mpweya umalowa ndipo imasiya kuwerenga mpaka mutaidzazanso. Watermark, yopangidwa ndi kampani ya Irrometer, imawerenga mpaka 200 kPa, choncho imayenera pa katondo ndi pa mbewu zimene zimapirira kuuma, monga chimanga ndi tirigu. Imafuna kamakina kam'manja kowerengera.

Palinso Chameleon, yomwe idapangidwa ndi bungwe la kafukufuku la ku Australia la CSIRO poganizira alimi ang'onoang'ono, ndipo yagwiritsidwa ntchito m'masikimu a ulimi wothirira a Mkoba ndi Silalatshani muno mu Zimbabwe, komanso ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Iyo imaonetsa mitundu m'malo mwa manambala. Buluu amatanthauza kuti dothi ndi lonyowa, pansi pa 20 kPa kapena cha pomwepo. Wobiriwira amatanthauza kuti chinyontho chilipo chokwanira, pakati pa 20 ndi 50. Wofiira amatanthauza kuti dothi lauma kupitirira 50. Kwa munthu amene ali ndi antchito osinthanasinthana, mitunduyi ndi yosavuta kuphunzitsa kusiyana ndi manambala.

Gulu lachiwiri limayeza kuchuluka kwa madzi m'dothi, pa 100 iliyonse. Awa ndi masensa amagetsi amene kawirikawiri amalumikizidwa ku kabokosi kosunga manambala kapena kotumiza uthenga pa foni. Vuto lake n'lakuti nambala yake ilibe tanthauzo musanadziwe dothi lanu: 15 peresenti pa mchenga ndi dothi lonyowa ndithu, koma 15 peresenti pa dothi ladongo mbewu imakhala itafota kale. Kwa woyamba kumene, ine ndingalangize gulu loyamba, chifukwa 30 kPa imanena za mmene muzu ukuvutikira kaya ndi pa mchenga kaya ndi pa katondo. Timasensa totchipa ta mafoloko awiri, togulitsidwira maluwa a m'miphika, musatidalire m'munda. Timachita dzimbiri msanga ndipo feteleza amasokoneza mawerengedwe ake.

Gawo lachitatu: kukwirira

Apa ndi pamene ntchito yonse imakomera kapena kuonongekera. Pamalo amodzi pamafunika masensa osachepera awiri. Yoyamba ikhale pakati pa mizu yambiri, yomwe pa mbewu zamasamba ndi masentimita 15 mpaka 20, ndipo yachiwiri ikhale cha kumapeto kwa mizu, masentimita 40 mpaka 60 malinga ndi zimene mudaona m'dzenje lija. Anyezi ali ndi mizu yaifupi, choncho masentimita 15 ndi 30 ndi okwanira. Tomato ndi chimanga zimafika pansi kwambiri, ndipo sensa yachitatu pa masentimita 60 imathandiza. Ya pamwamba imakuuzani nthawi yoyatsa pampu, ya pansi imakuuzani ngati mudathirira nthawi yokwanira kapena yopitirira.

Sankhani malo amene akufanana ndi mbali yaikulu ya munda. Pewani m'mphepete mwa munda, pa chulu, pansi pa mtengo, pamalo otsika pamene madzi amadikha, ndiponso pafupi ndi valavu pamene madzi amatuluka mwamphamvu kuposa kwina. Mbewu yoyandikana ndi sensayo ikhale yathanzi, chifukwa mbewu yodwala simwa madzi mofanana ndi zinzake. Ngati mumathirira ndi mapaipi odontheza, ikani sensa masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pa kabowo kodonthezera, m'kati mwa mzere wa mbewu. Mukaiika pansi penipeni pa kabowoko idzaonetsa kunyowa nthawi zonse, ndipo mukaiika pakati pa mabedi idzaonetsa kuuma nthawi zonse. Njira zonse ziwiri zidzakusocheretsani. Ngati mumathirira ndi masipirinkala, ikhale pakati pa masipirinkala awiri, pamalo pamene masamba sakutchinga madzi.

Tensiometer iviikidwe m'madzi usiku wonse isanakwiriridwe, ndipo idzazidwe ndi madzi owiritsidwa n'kuzizira, popeza madzi otere amakhala ndi mpweya wochepa. Watermark ndi Chameleon nazonso zimaviikidwa ndi kukwiriridwa zili zonyowa. Boolani bowo ndi chitsulo kapena paipi yofanana kukula ndi sensayo, osati ndi khasu, kuti musadule mizu ndi kufukula dothi lozungulira. Tengani dothi lochokera pansi pa bowolo, lisefeni, lisakanizeni ndi madzi kuti likhale matope apakatikati, thirani pang'ono m'bowomo, kenaka kankhirani sensa mpaka nsonga yake itakhazikika m'matopemo. Nsongayo iyenera kukhudzana ndi dothi mbali zonse, chifukwa mpata wa mpweya umapangitsa nambala kukhala yabodza. Kwirirani potsendera pang'onopang'ono, ndipo pamwamba muunjike kadothi kuti madzi asamatsike motsatira chubu kapena waya. Zikani chikhomo chooneka patali, ndipo muwauze onse opalira kuti pamenepo apalire ndi manja. Manambala a masiku awiri kapena atatu oyamba musawagwiritse ntchito, chifukwa matope aja amakhala asanafanane ndi dothi lozungulira.

Gawo lachinayi: pezani malire awiri a munda wanu

Malire oyamba ndi a dothi lokhuta. Thirirani kwambiri pamalo pa masensa, kapena dikirani mvula yamphamvu, kenaka phimbani pamalopo ndi pepala la pulasitiki. Pa mchenga werengani pakatha tsiku limodzi, pa katondo pakatha masiku awiri. Nambala imene mwapezayo ndiyo ya madzi amene dothi lanu limatha kusunga owonjezera atatsika. Pa mchenga imakhala cha m'ma 10 kPa, ndipo pa dothi ladongo imatha kufika cha m'ma 30. Madzi alionse amene mungathire dothi litafika pamenepa ndi otayika.

Malire achiwiri ndi a pamene muyenera kuthiriranso mbewu isanayambe kuvutika. Poyambira, mbewu zamasamba pa mchenga zithiriridwe sensa ya pamwamba ikafika 20 mpaka 30 kPa, ndipo pa katondo ikafika 40 mpaka 50. Chimanga ndi tirigu zimapirira kupitirira apo. Malangizo a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, amasonyeza kusiyana kumeneku motere: anyezi amayamba kuvutika akamwa magawo 30 pa 100 a madzi amene dothi limamusungira, mbatatesi pa 35, tomato pa 40, kabichi pa 45, pamene chimanga ndi tirigu zimafika pa 55. Manambala a kPa ndawatchulawa ndi poyambira chabe. Mlangizi wa boma wa zaulimi (wa AGRITEX) wa m'dera lanu angakuthandizeni kuwakonza kuti agwirizane ndi dothi lanu, ndipo mbewu yomwe idzakuonetsani. Mbewu yofota masana a Okutobala n'kutsitsimuka madzulo si umboni wakuti dothi lauma, koma yofota m'mawa kwambiri ndiye kuti mwachedwa.

Gawo lachisanu: dziwani madzi amene mapaipi anu amatulutsa

Sensa ingakuuzeni kuti thirirani, koma ngati simudziwa madzi amene amatuluka pa ola limodzi, mudzakhala mukungoyerekeza. Kumbukirani kuti milimita imodzi ya madzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndipo pa hekitala ndi malita 10,000. Ikani makapu pansi pa timabowo todonthezera khumi kapena kupitirira apo, ena koyambirira kwa mzere, ena pakati, ena kumapeto, ndipo muyatse madzi kwa mphindi 6. Yezani madzi a m'kapu iliyonse ndi jekeseni kapena botolo lolembedwa miyeso, n'kuchulukitsa ka 10 kuti mupeze a pa ola. Ngati makapu akumapeto ali ndi madzi ochepa kwambiri poyerekeza ndi akoyambirira, yambani mwatsuka sefa ndi mapaipi, chifukwa sensa singakonze munda umene mbali ina ikumwa pamene ina ikufa ndi ludzu. Pa masipirinkala, yalani zitini zofanana m'munda n'kuyeza kuya kwa madzi pakatha ola.

Tiyerekeze kuti kabowo kalikonse kamatulutsa lita imodzi pa ola, timabowoto tatalikirana masentimita 30, ndipo mapaipi atalikirana mita imodzi. Ndiye kuti munda ukulandira pafupifupi mamilimita 3.3 pa ola. Kuno ku Harare, dzuwa ndi mphepo zimachotsa madzi pafupifupi mamilimita 3 pa tsiku mu Juni ndi Julayi, ndipo mu Okutobala zimafika 5 mpaka 6. Tomato wobereka amamwa mopitirirako pang'ono, moti m'masiku otentha kwambiri angafune mamilimita pafupifupi 7 pa tsiku, omwe ndi maola awiri ndi mphindi zingapo pa mapaipi amenewa. Pa munda wa kota ya hekitala, amenewa ndi malita 17,500 tsiku lililonse, kapena matanki atatu ndi theka a malita 5,000. Tsopano onani kusiyana kwa dothi. Mizu ya masentimita 40 pa mchenga wosunga mamilimita 70 pa mita ili ndi mamilimita 28, ndipo tomato angamwe 11 okha asanayambe kuvutika, omwe sakwana masiku awiri. Pa katondo wosunga mamilimita 140 pa mita angamwe 22, omwe ndi masiku atatu. Popeza mapaipi odontheza amanyowetsa mbali chabe ya dothi, masiku enieni amachepera apo. N'chifukwa chake mlimi wa pa mchenga ayenera kuthirira pang'ono koma pafupipafupi, ndipo kutengera ndandanda ya mnzake wa ku Mazowe kungamutayitse madzi ndi feteleza womwe.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: werengani, lembani, sankhani chochita

Werengani masensa nthawi yofanana tsiku lililonse, m'mawa dzuwa lisanakwere, musanathirire. M'kope lembani tsiku, nambala ya sensa iliyonse, maola amene mwathirira, mvula imene yagwa, ndi msinkhu wa mbewu. Choyezera mvula cha pulasitiki chokhomedwa pa mtengo, kutali ndi nyumba ndi mitengo, chikhalepo ndithu. Nambala ya tsiku limodzi sinena zambiri. Chofunika ndi mmene manambala akuyendera pa sabata yonse.

Sensa ya pamwamba ikafika pa malire achiwiri aja pamene ya pansi ikadali yonyowa, thirirani nthawi yochepa, yongokwanira kubwezera ya pamwamba pa malire a dothi lokhuta. Zonse ziwiri zikamakwera tsiku ndi tsiku, ndiye kuti madzi amene mukuthira sakufika pansi, ndipo muyenera kutalikitsa nthawi. Ya pansi ikamakhala pansi pa 10 kPa, kapena ikamaonetsa buluu sabata yonse osasintha, ndiye kuti mukuthirira mopitirira. Chepetsani nthawi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, dikirani maulendo awiri kapena atatu, muonenso. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa mukachepetsa maola n'kutalikitsanso masiku simudzadziwa chimene chathandiza kapena chaononga. Tsiku lotsatira mutathirira, nambala ya sensa ya pamwamba ikapanda kutsika, pitani mukaone kabowo koyandikana nayo, chifukwa nthawi zambiri kamakhala katatsekeka.

Pa nkhani ya feteleza pali kachipangizo kena kotchedwa FullStop, kooneka ngati fanelo yokwiriridwa m'dothi. Madzi otsika akafika pamene kali, kachizindikiro kamatumphuka pamwamba, ndipo timadzi timene tasonkhana m'katimo tingakokedwe ndi jekeseni n'kuyezedwa ndi timapepala toyezera nayitireti. Mukapeza nayitireti wambiri kunsi kwa mizu patangopita masiku ochepa mutathira AN, mwaona ndi maso kumene ndalama zanu zikupita.

Kope limathandizanso pa vuto la magetsi. Ngati manambala akusonyeza kuti sensa ya pamwamba imatenga masiku atatu kuchoka pa 12 kufika pa 30, mumadziwiratu tsiku limene madzi adzafunike, ndipo mungadzaziretu matanki usiku kapena nthawi iliyonse imene magetsi ayaka. Mukadziwa kuti mawa magetsi kulibe pamene sensa ili pafupi ndi malire, kuthirira lero nthawi yocheperako n'kwabwino kusiyana ndi kudikira mkuja. Amene ali ndi pampu ya sola ali ndi chiyeso china, chongoisiya iyende tsiku lonse poti dzuwa ndi laulere. Mjigo ndiwo umavutika, ndipo ukatsika mu Okutobala amavutika ndi oyandikana nawo omwe. Kumbukiraninso kuti madzi a pansi pa nthaka ali pansi pa lamulo la madzi la 1998, ndipo kukumba mjigo ndi kupopa madzi a ulimi wamalonda zimafuna chilolezo kudzera ku ZINWA, bungwe la boma loona za madzi, ndi makhonsolo oyang'anira madzi, amene kuzungulira Harare ndi a Manyame ndi Mazowe.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: sinthani malire mbewu ikamakula

Mbande zongowokeredwa kumene zili ndi mizu yosafika pa sensa, choncho m'sabata yoyamba ndi yachiwiri dalirani chala ndi maso, ndipo muzithirira pang'ono tsiku lililonse. Zikagwira, lolani kuti dothi la pamwamba liumeko pang'ono kuti mizu itsike. Tomato akayamba maluwa ndi zipatso musamalole manambala kulumphalumpha, chifukwa kuuma kotsatizana ndi kunyowa kwambiri kumang'alula zipatso ndi kuyambitsa kuola kwakuda kwa kunsi kwa chipatso, ndipo tomato wotere ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, alibe mtengo. Chimanga chisasowe madzi pa nthawi ya ngayaye ndi ndevu. Kabichi amafuna madzi osadukiza akamapanga mutu, pamene anyezi amasiyidwa osathiriridwa makosi akayamba kugwa kuti aume bwino ndi kusungika. M'nyengo ya mvula masensa amagwirabe ntchito: ng'amba ya pakati pa dzinja ikabwera, amakuuzani ngati mvula yapitayo idafika pa mizu kapena idangonyowetsa pamwamba.

Za makina otumiza manambala pa foni

Mukatha nyengo imodzi ndi kope, mungaganize zogula kabokosi kamene kamawerenga masensa ola lililonse n'kutumiza manambala pa foni kudzera pa netiweki ya Econet kapena NetOne. Ubwino wake ndi wakuti mumaona mzere wa chinyontho ukutsika masana n'kuima usiku, ngati makwerero. Makwererowo akayamba kufupika chonsecho kunja kukutenthabe, ndiye kuti mbewu yayamba kulephera kukoka madzi, ndipo pamenepo ndi pamene pali malire achiwiri enieni a dothi lanu. Musanagule, yesani netiweki mutaima m'munda momwemo, funsani mtengo wa pa mwezi, ndipo ganizirani za akuba, popeza kasola ndi batire zoonekera patali zimakopa maso. Zolumikiza masensa ku valavu kuti madzi azitseguka okha ndingakuuzeni kuti muzichedwetse, chifukwa waya umodzi wodulidwa ndi khasu kapena wolumidwa ndi khoswe ungachititse makinawo kuthirira usiku wonse kapena kusathirira konse. Ngati mwaziika, makinawo akhale ndi malire a maola amene sangapitirire pa tsiku.

Nambala ikakhala yokayikitsa

Kamodzi pa sabata kumbani ndi fosholo pamtunda wa mita imodzi kapena ziwiri kuchokera pa sensa, pafupi ndi kabowo kena kodonthezera, mpaka kuya kofanana ndi kwa sensayo, ndipo mufinye dothilo m'manja. Ngati likugwirana n'kusiya chinyontho m'chikhatho pamene sensa ikuti lauma, kapena likuyoyoka pamene sensa ikuti lanyowa, vuto lili pa sensa. Tensiometer yoonetsa 0 m'dothi louma yalowa mpweya kapena madzi ake atha. Idzazeninso, ndipo muziyang'ana thovu m'chubu sabata iliyonse. Pa makande, dothi likang'aluka limasiyana ndi nsonga ya sensa, ndipo pamafunika kuizula n'kuikwiriranso ndi matope atsopano. Madzi amchere kapena feteleza wochuluka amasokoneza masensa amagetsi, moti amaonetsa kunyowa kumene kulibe. Mu Juni ndi Julayi, m'malo otsika amene mumagwa chisanu choundanitsa madzi, phimbani geji ya tensiometer usiku ndi chitini kapena chiguduli kuti isaonongeke. Mukakolola, fukulani masensa onse thirakitala kapena khasu lisanalowe m'munda, pokumba m'mbali mwake osati pokoka waya. Atsukeni ndi madzi oyera, khuthulani madzi a mu tensiometer, ndipo muwasunge pouma pamodzi ndi kope lija, chifukwa malire amene mwapeza pa munda umenewo ndi amene mudzayambire nyengo yotsatira.